Nkhuku Yoweta Sagula Pamsika

Chaka chathachi, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, mdzukulu wanga amene wamanga kanyumba kake ku Area 25 mu Lilongwe adandipeza pakhonde ali ndi funso limodzi. "Agogo, ndikufuna kuweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba. Ndigule mtundu wanji?" Adatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za pa Facebook: zofiira, zakuda, zamawangamawanga, zonse zonona, wogulitsa aliyense akulumbira kuti zake ndiye zoikira tsiku ndi tsiku. Ndisanamuyankhe ndidamuponyera langa. "Iwe, zizidya chiyani?" Adakhala duu. Zimenezo anali asanaziganizeko.

Si iye yekha. Ana anga ambiri amene akuyamba ulimi umenewu m'matauni ndi m'midzi amathamangira dzina la mtundu, ngati kuti dzinalo ndiye limaikira. Dzira limachokera m'mbale ya chakudya ndi m'chomwera madzi. Mtundu umangonena malire a pamene nkhuku ingafike ikadya bwino, ndiponso kufulumira kwake kufa ikasowa chisamaliro. Choncho musanafunse za mtundu, yang'anani kaye m'thumba mwanu, kuseri kwa nyumba yanu, ndi amene adzatsala pakhomo inu mukapita ku ntchito kapena ku maliro a masiku atatu.

Ndiyambe ndi yathu yachikuda, chifukwa ndi imene achinyamata amainyoza asanaidziwe. Si mtundu umodzi ayi. Pali kameta wa khosi lopanda nthenga, amene kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje sikumuvuta monga kumavutira anzake. Pali kansilanga wa nthenga zotembenuka, pali simboti wa miyendo yaifupi, pali tsumba, kawangi, chiphulutsa. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15, n'kusiya, n'kukhalira masiku 21, n'kuyenda ndi anapiye ake miyezi iwiri kapena itatu lisanayambirenso. Pachaka limatero katatu kapena kanayi, ndiye mazira onse pamodzi amangofika 40 mpaka 60. Wofuna kudzaza thireyi tsiku lililonse akamva nambala imeneyi amagwa mphwayi.

Koma taonani zimene thadzi limeneli limachita popanda kukupemphani ndalama ngakhale tambala imodzi. M'mawa limatsika lokha n'kukapalasa kudzala, kutola chiswe, ziwala, mphutsi, njere za udzu ndi zotsala za pamtondo. Mphamba akadutsa m'mwamba limalira kulira kwina, anapiye onse n'kulowa pansi pa nkhokwe. Ndidaonapo thadzi laling'ono likulimbana ndi khwangwala mpaka khwangwalayo kuthawa. Ndipo luso lalikulu, limene mitundu yachizungu yambiri idataya, ndi kufungatira. Magetsi azime sabata yathunthu, thadzi lachikuda likhalabe pa mazira ake. Makina oswetsera mazira akazimirira usiku umodzi wozizira, mwini wake atha kutaya mazira ambiri atasukusa.

Kuikira pang'ono kwa yachikuda si ulesi. Nthawi yake yambiri imathera pa ulezi. Mukamachotsa mazira tsiku ndi tsiku n'kusiyamo limodzi lokha lolembedwa ndi khala, imapitiriza kuikira nthawi yotalikirapo. Mukailanda anapiye atafika milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, n'kuwasunga inu m'kakhola ka nsungwi, imabwerera msanga kwa tambala. Mukaiwonjezera madeya dzanja limodzi m'mawa ndi madzulo, mudzadabwa kuti inali nkhuku yomweyo.

Yachiwiri ndi imene tonse timaitcha Mikolongwe, yakuda bii, nthenga zake zikuwala mobiriwira dzuwa likawomba. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Idapangidwa ku Australia kuchokera ku nkhuku zakuda za Orpington za ku England, ndipo kuno idatenga dzina la famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu, kumene akhala akuichulukitsa kwa zaka zoposa 60. Anthu a pakati ankaipeza ku Bwemba mu Lilongwe, a kumpoto ku Choma kufupi ndi Mzuzu, ndipo kawirikawiri boma linkagulitsa anapiye a milungu 6, atapitirira msinkhu wofuna moto. Cholinga chinali chakuti atambala ake akwere misoti yathu, ana atuluke okulirapo thupi ndi oikira mazira ambiri.

Mikolongwe ikamadya mokwanira imatha kufika cha m'ma 200 mazira pachaka, ndipo ikakalamba nyama yake imadzaza mphika. Ndi yofatsa, siuluka mpanda, ana amainyamula osajomphedwa. Kufatsa komweko ndiye tsoka lake kumudzi. Ndi yolemera, yochedwa kuthawa, ndipo mukangoitaya pabwalo kuti izidzionera yokha monga yachikuda, imawonda, imasiya kuikira, vumbwe kapena galu n'kuimaliza. Anthu ambiri adaitaya motero n'kumanena kuti Mikolongwe ndi yofooka. Chofooka chinali chisamaliro. Komanso kufungatira kwake n'kosadalirika: ina imakhalira, ina imadzuka pakati pa ulendo mazira n'kuzizira.

Tsopano zofiira zija zimene zidakopa maso a mdzukulu wanga, zimene m'tauni amangoti ma layers. Mayina ake ndi Hy-Line Brown, Lohmann Brown, ISA Brown ndi ena otero. Izi zidapangidwira ntchito imodzi basi. Zimayamba kuikira zili ndi milungu 18 mpaka 20, ndipo m'chaka choyamba imodzi imatha kupereka mazira pafupifupi 300. Thupi la nkhuku limatenga maola 24 mpaka 26 kuti liumbe dzira limodzi, ndiye mutha kuona kuti zimenezi zimagwira ntchito pafupifupi popanda tsiku lopuma. Palibe mtundu wina umene ungapikisane nazo pa kuchuluka kwa mazira, ndipo ine sindizinyoza.

Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tiwerengere limodzi, monga ndidawerengera ndi mdzukulu wanga pansi ndi kamtengo. Nkhuku imodzi yotere imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Zikakhala 10, ndiye kilogalamu imodzi ndi magalamu 200. Thumba la layers mash la makilogalamu 50 litha pa masiku 41 kapena 42. M'masiku amenewo, ngati zikuikira mazira 8 patsiku, mutola mazira pafupifupi 330, ndiwo mathireyi 11 a mazira 30. Pitani mukafunse mtengo wa thumba lero, mufunsenso mtengo wa thireyi, muchotsere. Musaiwale miyezi inayi ndi theka yoyamba ija pamene zinkangodya chick mash ndi growers mash osakupatsani kanthu, katemera wa chitopa, wa gumboro ndi wa nthomba, makala otenthetsera anapiye, utuchi, ndi nkhuku zina zimene zidafa panjira. Phindu lilipo, koma ndi lopyapyala, ndipo limafuna munthu amene ndalama ya thumba lotsatira amaisunga padera, osaikhudza ngakhale kubwere mlendo.

Vuto lake ndi lakuti nkhuku zimenezi sizidziwa kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Thumba likatha Lachiwiri inu n'kuzipatsa madeya okhaokha mpaka Loweruka, mazira amatsika, ndipo kuti abwerere pamene anali pamatenga milungu. Zina zimayamba kuthothoka nthenga, zina kujomphana kumbuyo mpaka magazi, zina kudya mazira awo omwe. Sizifungatira. Ndipo ngakhale mutaika tambala n'kuswetsa mazira ake, anawo safanana ndi amayi awo pa kuikira, chifukwa ndi nkhuku zosakaniza mizere imene makampani amasunga okha. Zikafika chaka ndi theka mazira amachepa, mumazigulitsa ngati ndiwo, n'kubwereranso kukagula anapiye. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masiku ano kwabweranso Kuroiler wochokera ku India ndi Sasso wochokera ku France. Zimakula msanga, zimalemera, zimapalasa ndithu, ndipo mazira ake amaposa a yachikuda kutali ngakhale safika pa ma layers. Ndi zabwino kwa amene akufuna nyama ndi mazira pamodzi. Ndingokuchenjezani ziwiri: zimadya kwambiri, ndipo zikanenepetsa zimachepetsa kuikira. Nazonso ana ake a m'badwo wachiwiri ndi wachitatu amayamba kusiyana ndi makolo, choncho wokugulitsani anapiye amene adaswetsa yekha kuseri kwa nyumba akhoza kukupatsani dzina lokha, nkhuku yake ili ina.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona makomo amene m'khola limodzi muli mitundu isanu, misinkhu yosiyana, abakha ndi nkhanga momwemo, mwini wake osadziwa kuti ikuikira ndi iti, ikungodya ndi iti. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndidamuuza mdzukulu wanga mosabisa. Amene ali ndi ndalama yokhazikika, mpanda wabwino ndi msika wa mazira pafupi, atenge ma layers, koma ayambe ndi 10 kapena 20, osati 200. Amene ndalama yake imabwera modumphadumpha, monga ambirife, atenge misoti ya Mikolongwe yochepa ndi mathadzi awiri achikuda. Mikolongwe iziikira, yachikuda izifungatira. Thadzi lachikuda likayamba kukhalira, muchotse mazira ake usiku n'kuikapo a Mikolongwe 10 kapena 12, osapitirira sabata imodzi chiikireni. Lidzawaswa n'kuwalera ngati ake, n'kuwaphunzitsa kupalasa ndi kuthawa mphamba, zimene mayi wawo weniweni sakadawaphunzitsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khola la munthu wosauka silisenzedwa ndi mtundu umodzi.

Za tambala ndinene mwachidule. Nkhuku imaikira ngakhale palibe tambala, ndiye wofuna mazira odya okha asadzivutitse kudyetsa wolira m'mbandakucha n'kumayambana ndi anansi. Wofuna anapiye asunge mmodzi pa mathadzi 10. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndipo pakatha chaka musinthane ndi mnzanu wodalirika, kuti asamakwere ana ake omwe, chifukwa magazi akazungulira pamodzimodzi anapiye amatuluka ofooka.

Apa ndafika pa mwambi umene ndauika pamwambapo. Makolo ankaunena polangiza mnyamata wofuna banja, kuti mkazi womanga naye nyumba samutola kumene sakudziwa kwawo. Koma asanaupititse ku ukwati adauona kaye pa nkhuku zenizeni, ndipo ine ndidaulipira mtengo wake. Chaka china, mwezi wa Okutobala, ndidaona tambala wofiira wamkulu pamsika wina, mtengo wake wotsika modabwitsa. Ndidamugula, madzulo omwewo n'kumuponya m'khola. Patapita masiku anayi adayamba kuwodzera, mapiko ali pansi, monga timanenera kuti wavala jekete. Zitosi zobiriwira, kupuma kwa phokoso. Kenaka ina khosi lapotoka, ikuyenda chozungulira. Pomatha milungu iwiri, pa nkhuku zoposa 30 zidatsala zitatu. Chinali chitopa, ndipo chidapitirira kwa mlongo wanga, chidapitirira kwa anansi, mudzi wonse m'mawa kuli zii, wopanda tambala wolira. Mayi wina wamasiye amene ankadalira nkhuku zake pa fizi ya mwana adalira pakhomo panga, ndipo kulira kumeneko ndimakumvabe.

Amene adandigulitsa uja ankadziwa. Chitopa chikalowa m'khola, anthu ambiri amathamangitsira zotsala kumsika zisanagwe, n'chifukwa chake nkhuku zimatchipa nyengo yotentha. Ana anga, mchitidwe umenewu ndi woipa. Kugulitsa nkhuku ya m'khola lodwala n'chimodzimodzi kuponya moto padenga la munthu amene simukumudziwa. Zakufa muzikwirire mozama kapena kuziwotcha, osataya kudzala kumene agalu adzazikokera kwa ena, osapatsa mnansi kuti akadye ndiwo, chifukwa nthenga ndi matumbo zimene adzataye kuseri kwake zidzapha zake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhuku yoweta mukaigule pakhomo pamene mwaona amayi ake, mwaona khola lake, mwafunsa za katemera. Ndipo ngakhale ichokere kwa mbale wanu, ikhale payokha milungu iwiri isanasakanikirane ndi zanu. Ya mphatso ya ku chinkhoswe, ya kwa apongozi, lamulo ndi lomwelo.

Chitopa, chimene ena amati chideru, sichisankha mtundu. Chimapha yachikuda, Mikolongwe ndi ma layers mofanana. Chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, ndipo nkhuku ikadwala palibe mankhwala ochiza. Tsabola, phulusa, makungwa, makapisozi a anthu amene ena amasungunula m'madzi, zonsezi tidayesa, ndipo zimene zidapulumuka zikadapulumuka ngakhale popanda zimenezo. Chimene chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo tili ndi mwayi kuti katemera wa I-2 amapangidwa konkuno, ku labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe. Ndi kadontho kamodzi m'diso limodzi, kwa nkhuku ya msinkhu uliwonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala, miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe botolo lake lisaone dzuwa. Poyenda nalo mulikulunge m'kansalu konyowa, ndipo likatsegulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndiye gwirizanani ndi anansi, muitane mlangizi wa ziweto kapena wotemera wa m'mudzi tsiku limodzi. Katemera wa mu Julayi musamuphonye, chifukwa ndiye amatchinga miyezi yotentha. Kutemera nkhuku zitayamba kale kugwa n'kutseka khola mbuzi zitatuluka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndibwerere ku funso langa lija la chakudya. Madeya okha ndi nsima yopanda ndiwo. Amapereka mphamvu, koma dzira limafuna zomanga thupi, ndipo chikamba chake chimafuna laimu. Amene sangakwanitse thumba la kusitolo asakanize madeya ndi soya, koma soyayo akazinge kaye asanagaye, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Fumbi la usipa kapena la bonya limene amalonda amasesa pansi pa matumba ndi chuma. Chiswe mutha kuchikola ndi mphika wakale wodzazamo zinyalala zonyowa ndi ndowe youma, n'kuuvundikira pafupi ndi chulu. Masamba a bonongwe, chisoso, nkhwani ndi chammwamba ndiwo amapatsa dzira chikasu chija chimene anthu amachitama pa mazira achikuda. Si mtundu umene umapanga chikasucho, ndi masamba. Makoko a mazira musataye: awambeni pamoto, muwasinje kuti asaoneke ngati dzira, muwabwezere m'chakudya. Mafupa owotcha ndi zigoba za nkhono zosinja zimachita chimodzimodzi. Mukaona dzira la chikamba chofewa, nkhuku ikukuuzani kuti yayamba kutenga laimu m'mafupa ake omwe. Koma madeya a chuku, onunkha chinyezi, musapatse ngakhale atakhala aulere.

Madzi ndiwo amaiwalika kwambiri. Magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi. Nkhuku yoikira ikakhala ndi ludzu masana amodzi a mu Okutobala, kuikira kwake kumatsika. Chomwera chikhale pamthunzi, chitsukidwe m'mawa uliwonse.

Khola likhale louma, lopita mphepo, lotseka bwino usiku kuti likongwe ndi vumbwe asapeze polowera. Pansi muthire utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza. Muikemo mtanda wogonapo, ndi chisa chimodzi pa mathadzi anayi kapena asanu, pamalo a kamdima. Pakona pakhale phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisamba, utitiri usazimalize magazi. Thadzi lofungatira limene lathawa mazira pakati, kawirikawiri mukayang'ana m'chisa mupeza utitiri uli nyakanyaka. Zitosi zake ndi manyowa amphamvu. Zisiyeni ziwolerane musanathire pa mpiru, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu.

Pali kaluso kena kamene amayi anga adandiphunzitsa, kodziwira nkhuku imene ikuikira ndi imene ikungomaliza chakudya. Igwireni usiku ili pamtanda. Yoikira lipombo lake limakhala lofiira, lofewa, lofunda. Pansi pa mchira pali timafupa tiwiri. Zala ziwiri kapena zitatu zikalowa pakati pake, ikuikira. Chikalowa chala chimodzi chokha, lipombo lili lofota ndi lotuwa, ndiye yapuma. Ipatseni milungu ingapo, mwina ikusintha nthenga. Ikapitirira osabwerera, imeneyo ndi ya alendo. Ndipo musanyengedwe ndi kukongola: nthawi zambiri ya nthenga zosalala zonyezimira ndiye yaulesi, pamene yothothoka, yooneka yotopa, ndiye ikudyetsa banja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomwe chimandiwawa mtima ndisanasiye cholembera ndi ichi. Ife tidakula akutiuza kuti mwana akadya mazira adzagwa khunyu, mayi woyembekezera akadya dzira adzabala mwana wopanda tsitsi. Ndikhulupirira kuti akuluakulu ankateteza mazira kuti aswe, nkhuku zichuluke, ndipo adasankha mantha kuti ana asamabe m'chisa. Mau a akulu akoma akagonera, inde, koma awa adagonera ndipo sadakome. Palibe mwana adagwa khunyu chifukwa cha dzira. Lero chiletso chija chavala malaya ena: thireyi yonse imapita kukagulitsidwa kuokala, ana a mwini nkhuku akudya phala loyera lopanda kanthu. Mwana akakwanitsa miyezi 6 atha kuyamba kudya dzira lophika bwino, lophwanyidwira m'phala. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa adye. Gogo wopanda mano amene nyama yamukanika adye. Muyambe mwapatula a pakhomo, otsalawo ndiwo apite kumsika.

Mdzukulu wanga uja sadagule zofiira za pa foni. Adamanga kaye khola, mwezi wathunthu likuuma lopanda nkhuku, kenaka adapeza anapiye a Mikolongwe a milungu 6, misoti isanu ndi umodzi ndi katambala kamodzi. Ine ndidamupatsa thadzi langa la kameta, limene laswa kanayi osataya dzira, ndipo adalisunga m'bafa yakale milungu iwiri monga ndidamuuzira, ngakhale lidachokera kwa agogo ake. Dzulo adaimba foni. Akuti kamwana kake kakumadzuka m'mawa kukasuzumira m'zisa kasanasambe n'komwe, ndipo kameta wakhalira mazira 11 a Mikolongwe. Lero ndi tsiku la 16.